Glitter: kunyezimira kobwereka

Kuwerenga: Machitidwe 12:19-23, Yakobo 2:1-7

Pali mawu ena a Chingerezi amene alowa m'makomo mwathu osaodira. Sanadzere kwa aphunzitsi kapena pa wailesi ayi. Adzera m'timabotolo ting'onoting'ono timene tikupezeka pa mabenchi a ogulitsa zodzoladzola ku Limbe, pa Njuli, pa Mbulumbuzi mpaka pa Namitambo. Mawuwo ndi glitter, ndipo pakamwa pa ana athu amamveka ngati "gilita". Makolo amene ali ndi ana aakazi akudziwa chimene ndikunena: ndi tija timaoneka ngati mchenga wa golide kapena wa siliva, timene operekeza akwati amadziwaza kumaso ndi m'tsitsi, timene timamatidwa pa makhadi a ukwati, pa nsapato, pa zikhadabo, ngakhale pa maluwa apulasitiki okongoletsera kuguwa. Ukwati ukatha, wosesa m'tchalitchi amalimbana nato mpaka Sabata linalo, ndipo mbusa amene wapereka moni wa chanza pakhomo amakafika kwawo dzanja likuthwanima.

Lero, abale anga, ndifuna tiwaunike mawu amenewa, pakuti mawu amene anthu ayamba kuwakonda amaulula chimene mitima yawo yayamba kutsata.

Kwa eni ake mawuwa ndi akalekale. Anafika ku England ndi anthu a kumpoto, a m'maiko amene lero ndi Norway ndi Denmark, omwe ankati glitra, ndipo pofika zaka za m'ma 1300 anali atakhazikika m'Chingerezi. Ali ndi abale awo angapo oyamba ndi malembo omwewo: glow, glisten, glimmer. Onsewa amakamba za kuwala, koma sakamba chinthu chimodzi. Glow ndi kufiira kwa khala la moto limene likuyaka lokha m'mbaula. Glisten ndi maonekedwe a chinthu chonyowa, monga tsamba la nthochi mvula itangokata. Glimmer ndi kakuwala kofooka, konga ka koloboyi woonekera kutsidya kwa dambo. Koma glitter ndi kuwala kodukaduka, kothwanima malo ambirimbiri nthawi imodzi, kochokera pa chinthu cholimba chimene chaombedwa ndi kuwala kwa chinthu china.

Chinenero chathu sichiperewera pamenepa. Dzuwa ndi nyale zimawala. Mphezi imang'anima. Nyenyezi ndi ziphaniphani zimathwanima. Lata latsopano limanyezimira masana mpaka kuthobwa m'maso. Agogo athu analibe timabotolo, koma mawu anali nawo okwanira. Nanga tabwerekeranji ena? Yankho lake ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi. M'Chichewa kunyezimira ndi mneni, ndi ntchito imene chinthu chimachita chifukwa cha m'mene chilili: mpeni wonoledwa unyezimira, wadzimbiri sunyezimira. Koma glitter wa pamsika ndi dzina la katundu. Ndi kunyezimira kopanda mwini, kogulidwa padera, kumene munthu angakuthire pa chinthu chilichonse, chabwino kapena chowola. Chinthu chotere makolo athu analibe, n'chifukwa chake dzina lake sanatisiyire.

Tinthu timeneti ndi pulasitiki wopyapyala kwambiri amene amamukuta ndi kachitsulo ka aluminiyamu, n'kumuthira mtundu, kenaka makina amamuduladula. Amene amatchulidwa kuti anayamba ntchitoyi ndi Henry Ruschmann wa ku New Jersey m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1930. Popeza ndi pulasitiki, sitiola. Tikachapidwa kumaso timatsikira m'ngalande, m'mitsinje, mpaka m'mimba mwa nsomba, ndipo n'chifukwa chake maiko a European Union analetsa kugulitsa glitter wapulasitiki womwazika mu Okutobala 2023. Eni ake ayamba kumukana, ife ndiye tikumulandira ndi nthungululu. Koma chachikulu ndi ichi: glitter alibe kuwala kwakekwake ngakhale pang'ono. Aliyense amene anakhalapo m'holo ya ukwati magetsi atazima madzulo adziwa. Madiresi aja anali waliwali amasanduka nsalu wamba mu mdima, ndipo anthu onse amayamba kufunafuna amene ali ndi kandulo kapena tochi ya pafoni.

Azungu anazindikira msanga kuti m'mawu awowa muli msampha. Ali ndi mwambi wochenjeza kuti kunyezimira si umboni woti chinthu ndi golide, ndipo amene anautchukitsa ndi William Shakespeare m'sewero lake la The Merchant of Venice, lolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1590. Iye anagwiritsa ntchito mbale wake wa mawuwa, glister, amene lero sakumvekanso kwenikweni. M'seweromo amuna ofunsira mkazi wina wolemera amawaikira timabokosi titatu, ka golide, ka siliva ndi ka mtovu, kuti asankhe m'mene muli chithunzi cha mkaziyo. Mwana wa mfumu ya ku Morocco asankha ka golide, ndipo atatsekula apeza chibade cha munthu wakufa. Anthu oonera seweroli ayenera kuti anaseka mowawidwa mtima, pakuti zaka makumi awiri m'mbuyo mwake, mu 1577 ndi 1578, woyendetsa zombo wina dzina lake Martin Frobisher anatuta matani oposa 1,000 a miyala yakuda yothwanima kuchokera kumpoto kwa Canada, poganiza kuti muli golide. Anthu olemera a ku London anaikapo ndalama zawo. Itasungunulidwa, miyalayo inapezeka kuti ndi miyala basi, ndipo ina anaimangira makoma. Mwana wa ku Chiradzulu amene anatolapo timiyala tonyezimira mumchenga wa kumtsinje n'kuthamangira nato kwa amake asachite manyazi. Akuluakulu a zombo anachita chimodzimodzi.

Ife mwambi wathu tili nawo, ndipo ndiyesa uposa wa Azungu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wawowo ungonena kuti mwagula chinthu chachabechabe. Wathuwu uonjeza kuti m'kati mwa chokongolacho muli zamoyo zimene zikudya.

Mwambi umenewu unakwanira pa Herode Agripa, amene tamuwerenga m'buku la Machitidwe. Luka angotiuza kuti pa tsiku lopangana Herode anavala zovala zachifumu, nakhala pampando, nalankhula kwa anthu ku Kaisareya. Koma wolemba mbiri wa Chiyuda, Josephus, amene anakhala m'zaka zomwezo, afotokoza za chovalacho. Akuti chinali cholukidwa ndi siliva yekhayekha, ndipo mfumuyo inalowa m'bwalo la masewero m'bandakucha, kotero kuti dzuwa potuluka linaomba pa chovalacho, anthu n'kuchita mantha ndi kunyezimira kwake. Taonani, munthuyu anadziwa nthawi yolowera. Anadziwa kuti kuwala n'kwa dzuwa, koma anafuna kuti anthu akuyese kwake. Oshashalika anafuula kuti ameneyu ndi mulungu, iye sanawaletse, ndipo pomwepo m'mimba munayamba kumupota. Josephus akuti anavutika masiku asanu namwalira. Luka akuti anadyedwa ndi mphutsi. Munali m'chaka cha 44. Kunja siliva, m'kati mphutsi: mkuyu weniweni.

Pali kanthu kena m'ndime imeneyi kamene ambiri timakadumpha. Anthu amene anadza kudzamvera Herode anali a ku Turo ndi Sidoni, ndipo Luka anena poyera kuti anadzapempha mtendere chifukwa dziko lawo linkadalira chakudya chochokera m'dziko la mfumuyo. Kufuula kuja sikunali kupembedza, kunali njala. Munthu wonyezimira amayesa kuti anthu akumutama, pamene iwo akuyang'ana nkhokwe yake. Amene timaimirira kutsogolo kwa anthu, kaya pa guwa kaya pa nsanja ya msonkhano, tizikumbukira zimenezi m'manja mukamawombedwa.

Wina anganene kuti, kodi abusa mukufuna tizipita kutchalitchi titavala ziguduli? Iyayi. Baibulo silidana ndi chonyezimira. M'Chigiriki, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, muli mawu akuti lampros, otanthauza chowala mbee. Yakobo awagwiritsa ntchito pofotokoza chovala cha munthu wolemera wa mphete yagolide amene walowa mumsonkhano napatsidwa mpando wabwino, wosauka n'kuuzidwa kuima chilili. Mawu omwewo ndi amene Luka afotokozera chovala chimene Herode wina, Antipa, anaveka Yesu pomuchita chipongwe (Luka 23:11). Komanso ndi omwewo amene afotokoza chovala cha mngelo amene anaonekera kwa Korneliyo (Machitidwe 10:30), ndi bafuta wa mkwatibwi wa Mwanawankhosa m'Chivumbulutso 19:8. Mawu amodzi, zovala zinayi: cha wonyada, cha chipongwe, cha mngelo, ndi cha oyera mtima. Choncho mlandu suli pa nsalu. Funso ndi lakuti kuwalako kwachokera kuti, ndipo kukuchita chiyani kwa munthu amene waima pafupi. Mose potsika m'phiri la Sinai nkhope yake inanyezimira, koma Eksodo 34 atiuza kuti mwini wakeyo sanadziwe, ndipo ataona kuti anthu akuopa, anaphimba nkhope yake ndi nsalu. Herode anasankha ola loti aonekere. Mose anafunafuna chophimba.

Ife a ku Chiradzulu tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Mbusa John Chilembwe atabwera kuchokera ku sukulu ya ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, anayambitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe mu 1900. Zithunzi zake zimene zatsala zimuonetsa atavala suti yaudongo, ndipo mayi Ida Chilembwe atavala diresi lalitali losokedwa bwino. Iye ankalimbikitsa akhristu ake kusamba, kuvala bwino, kulimbika ntchito ndi kupewa mowa. Mmishonale wachikuda wa ku America, Emma DeLany, amene anafika mu 1902, anaphunzitsa amayi a pamishonipo kusoka. Tikumbuke kuti imeneyo inali nthawi ya thangata, pamene anthu a m'minda ya azungu ya ku Magomero ankalima kuti alipire malo okhalapo, ndipo munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa. M'nthawi yotero, malaya ochapa ndi kusita anali ulaliki. Anali kunena kuti, inenso ndine munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Ndipo tchalitchi cha njerwa chimene anachimaliza mu 1913, chimene boma la atsamunda linachiphwasula mu 1915, chinamangidwa ndi manja a anthu omwewo.

Apa ndi pamene ndisiyanitsa kuvala kwa ulemu ndi glitter. Kuvala kwa pa Mbombwe kunkakweza wosauka, chifukwa mayi aliyense wogwira singano akanatha kufikapo. Kuvala kwa masiku ano kumatsitsa wosauka, chifukwa cholinga chake n'chakuti mnzako asafikepo. Koyambako kunkati, ndine munthu. Kwachiwiriku kukuti, ndili nazo.

Chodabwitsa n'chakuti nkhope ya Chilembwe yemweyo lero ili pa ndalama zathu za K500 ndi K2,000, pafupi ndi kamzere konyezimira kamene a banki anaikapo kuti tizizindikira ndalama yeniyeni. Pamenepo kunyezimira kuli ndi ntchito yabwino. Komabe funsani amayi ogulitsa tomato pa Mbulumbuzi. Wanzeru sakhutira ndi kamzereko, pakuti opanga ndalama zachinyengo amayamba n'kutsanzira komweko. Iye amaikhudza ndi zala kuti amve pepala lake, kenaka amaikweza padzuwa kuti aone chithunzi chobisika m'kati mwa pepalalo, chimene chimaoneka pokhapokha kuwala kukapyola. Bwenzi tikanamayesa chomwecho ofunsira ana athu, ndi alaliki otifikira ndi masuti onyezimira ndi malonjezo a chuma cha msangamsanga, misozi ina ikanapeweka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Boma lathu la Chiradzulu ndi laling'ono koma lothithikana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000. Minda ndi ing'onoing'ono. Banja likakolola matumba ochepa a chimanga ndi nandolo wogulitsa pang'ono, ndiye chuma cha chaka chonse. M'mabanja oterewa ndi m'mene mukulowa ukwati wa operekeza khumi ndi awiri, zovala zosinthira kawiri, holo yobwereka, magalimoto obwereka, keke ya nsanjika imene nsanjika zina ndi makatoni okutidwa ndi shuga. Ndalama zake amakatenga ku banki m'khonde, zikaperewera kwa akatapila, podalira kuti perekaniperekani adzabweza. Akapanda kubweza, mbuzi zimapita, ndalama ya feteleza imapita, mng'ono wa mkwatibwi amabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo banja latsopano limayamba ulendo wake ndi kulozana zala. Ankhoswe amene anavina pa Loweruka ndi omwewo amaitanidwa usiku miyezi itatu isanathe.

Zimenezi zimandikumbutsa mfumu Rehabiamu. Atate wake Solomo anasula zishango zagolide, zazikulu 200 ndi zazing'ono 300. M'chaka chachisanu cha ufumu wa Rehabiamu, Sisaki mfumu ya ku Igupto inadza nitenga zonsezo. Tikawerenga 1 Mafumu 14:25-28 tipeza kuti Rehabiamu sanaitane anthu kuti awauze kuti dziko lasauka. Anasula zishango zamkuwa. Mkuwa wopukutidwa bwino, ukauonera patali padzuwa, ndani angausiyanitse ndi golide? Ndipo tamvani kumene ankapita nazo: nthawi zonse mfumu ikamalowa m'nyumba ya Yehova, alonda ankazinyamula, mapemphero akatha n'kukazibweza m'chipinda chawo. Zinali zishango za pa Sabata. Munthu anataya golide wa atate wake, koma chimene anasamala n'chakuti chionetsero cha popita kukachisi chisasinthe. Ndikaona suti yobwereka ikubwezedwa Lolemba m'mawa, mwini ukwati ali ndi ngongole ya chaka chathunthu, ndimaona alonda a Rehabiamu akulowa m'chipinda chija.

Ngakhale kumanda glitter watitsata. Mabokosi ambiri a maliro masiku ano ali ndi zigwiriro zooneka ngati zagolide. Adzukulu amadziwa chinsinsi chake: zambiri ndi pulasitiki wopakidwa utoto, ndipo sayerekeza kunyamulira pamenepo, amagwira kunsi kwa bokosi. Chigwiriro chimene sungagwirepo, koma mtengo wa bokosi chakweza. Ndipo amene amaumiriza kuti m'bale wathu sangapite m'bokosi wamba kawirikawiri ndi omwe sanaoneke ndi phala pamene malemuwo anali gone m'chipatala. Bokosi likwiriridwa tsiku lomwelo. Ana amasiye atsala ndi ngongole yake.

Koma choopsa koposa ngongole ndi chimene Yakobo anachiona. M'midzi mwathu muli amayi ndi abambo amene asiya kubwera ku mapemphero, osati chifukwa chikhulupiriro chatha, koma chifukwa alibe chovala choti n'kukhala nacho pa benchi limodzi ndi anzawo. Ukawayendera sanena msanga, amayamba ndi kudandaula miyendo, kenaka mutu, pamapeto pake mawu enieni amatuluka motsitsa: "Abusa, nanga ndikavala chiyani?" Yakobo sanadzudzule wolemera chifukwa cha mphete yake. Anadzudzula wolandira alendo pakhomo, amene maso ake anathobwa ndi chovala, naloza uyu kutsogolo, uyo pansi. Mlandu umenewo ndi wathu, atsogoleri. Pa Sabata la zopereka zapadera kapena pa chikondwerero cha zokolola, amene timamuitanira kutsogolo ndi kumutchula dzina pa chokuzira mawu ndani? Nanga gogo amene wasenza dengu la mbatata kuchokera kuseri kwa phiri timamukhazika pati? Ndimayamikira amene anaganiza za yunifolomu ya amayi a Mvano: tsiku limene avala zoyera zawo, mkazi wa mphunzitsi wamkulu ndi mayi wogulitsa zitumbuwa sungawasiyanitse, ndipo nyimbo imamveka bwino tsiku limenelo.

Sindikuti tilande ana athu timabotolo tawo. Msungwana akadziwaza kumaso pa tsiku la chisangalalo sanachimwe, ndipo ukwati si maliro kuti anthu akhale ndwii. Pempho langa lipite kwa ankhoswe ndi akulu a mpingo, pakuti ndi inu amene mumakhala pansi ndi anawa asanalembetse ukwati. Mumawafunsa ngati anabatizidwa, ngati makolo avomera, ngati anakayezetsa magazi. Onjezanipo funso limodzi: ndalama za mwambowu zichokera kuti, ndipo Lolemba mudzatsala ndi ngongole yanji? Auzeninso momveka bwino chimene ambiri sachidziwa, kuti ukwati wodalitsidwa mkati mwa mapemphero a Sabata, kapena pakati pa sabata pamaso pa ankhoswe ndi mboni, mkwati atavala malaya ake ochapa ndi mkwatibwi chitenje chake chatsopano, umalembedwa m'kaundula yemweyo, ndi cholembera chomwecho, ndipo mtchatho wake ndi wofanana ndi wa uja anabwereka magalimoto khumi ku Limbe. Pali mabanja ambiri m'mipingo mwathu amene akhala zaka osadalitsa ukwati wawo, osayandikira ku Mgonero, chifukwa akudikira ndalama za holo ndi velo. Amenewo tiyambe nawo mwezi uno, ndipo mbusa amene adzawadalitse awapatse ulaliki wautali ndi wokoma monga umene amapereka pa ukwati wa mwana wa bwana.